Chamba m'chikwatu cha amayi

"Ndiye ukufuna ndikuphere nkhuku chifukwa choti sunapenge?"

Amenewo ndi mawu a amayi anga ondibala, m'mawa wa lero lomwe lino, atamupana tambala wathu wofiira uja m'khwapa. Ine ndinangofunsa mwaulemu kuti tambalayo akufera ndani, poti ndamaliza mayeso a Fomu 4 sabata yatha koma palibe ngakhale nkhunda imene yathothoka nthenga. Akuti akufera achimwene anga a Lameki, chifukwa lero akwanitsa zaka zitatu osasuta chamba. Zaka zitatu. Ine ndakwanitsa zaka naintini osasuta, anzanga, koma mphatso yanga ndi kutumidwa kukanola mpeni.

Mpeniwo ndanola, ndausiya pakhonde, ndabwera kudzakhala pamwala uja wa kuseri kwa chigayo pamene netiweki imagwira. Poti gulupu ino ndi ya ife tokha a Fomu 4, lero ndiulula chinthu chimene ndachisunga m'mimba zaka sikisi. Mukawerenga muweruze nokha woyenera kudya nthutumba ya tambala ameneyu.

Mukudziwa kuti kwathu kuno nthutumba ndi ya mwini khomo. Bambo atapita ku Joni, kumene mpaka lero akuti akubwera mwezi wamawa, nthutumba inagwera a Lameki ngati ufumu. Ine chibadwire ndine wa khosi ndi zipalapasiro. Ndadya zipalapasiro zambiri moti ndikavula nsapato ndimangoyamba kupalasa pansi.

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 6, nyengo yozizira ya ku Mlangeni kuno, pamene nkhungu imatsika m'phiri n'kukubisira ngakhale chimbudzi cha kwanu. Tinkabandira kachewere kudimba. Dothi lake lakuda, lozizira, lolowa m'ming'alu ya kumapazi ngati singano. A Lameki anali ndi zaka seventini, ndipo khasu likakhala m'manja mwawo umangoti lili ndi injini. Ine ndikamamaliza mzere umodzi, iwo amakhala atamaliza mazana awiri, apita kumtsinje kukamwa madzi, abwerako, ayambanso. Azimayi odutsa ndi ndowa ankaima n'kumawauza amayi kuti, aNangozo, apa ndiye munabereka thirakitala. Za ine ankangofunsa ngati chimfine chinatha.

Nsanje inandidya, sindibisa. Inandidya mpaka ndinaonda khosi. Tsiku lina masana ndinawatsatira achimwene mwakachetechete mpaka kuchigwembe cha kuseri kwa mabulugama. Ndinawaona akutembenuza mwala, n'kutulutsa kaphukusi kokulunga m'khungwa louma la nthochi. Kenako anatulutsa pepala m'thumba. Pepalalo ndinalizindikira ndili patali: la m'kope langa la masamu, lomwe aphunzitsi anali atandikwapulira kale kawiri kuti ndikudya mapepala. Anapichira, anayatsa, ndipo utsi wake unandipeza komwe ndinabisalako, fungo ngati la udzu wonyowa wopserera pamodzi ndi tonde. Pobwerera kudimba maso ali psu ngati matimati a pamsewu, khasu linalira mpaka dzuwa kupendeka.

Anyamata akuluakulu a pachigayo pano ankanena poyera kuti chamba chimapatsa mphamvu, chimatsegula mutu, munthu ukawerenga buku kamodzi umalimeza ndi chikuto chomwe. Ndiye ine m'mutu mwanga masamu anatheka msanga: thirakitala ija ili ndi mafuta ake. Ndichotse mafutawo, ndithire mwa ine, tione amene azimayi a ndowa aziimirira.

Lolemba amayi atapita kumsika ndinalowa m'khitchini. Kutsindwi kunkalendewera zikwatu zawo, mipira ija ya masamba a masuku yomanga ndi luzi, mmene ankasungamo mfutso wa chaka chonse, zonse zitada bii ndi mwaye. Ndinagubuduza mtondo, ndinakwerapo, ndinamasula chikwatu chimodzi n'kutapamo khwanya wouma wodzadza dzanja. Ndinamufikisa bwinobwino, ndinathamangira kuchigwembe, ndinasinthanitsa. Vuto linali pobisa chamba chenichenicho. Matumba a kabudula wanga anali obooka onse, ndipo kugowelo tinkagona limodzi ndi achimwene, mphuno yawo ikanachipeza tisanayale mphasa. Basi ndinaona kuti malo abwino ndi dzenje lomwe lija ndinasiya m'chikwatu. Ndinachikankhira mkati, ndinamanganso luzi, ndinatsika ndikudzitama kuti mwana wanzeru ngati ine Ntcheu yonse sanabadwe. Pulani inali yoti Loweruka ndisute, ndibandire dimba lonse, ndipitirize mpaka ku Mozambiki.

Lachiwiri ndinakabisalanso kumabulugama. Achimwene anatsegula kaphukusi kaja, anakayang'ana nthawi yaitali, ananunkhiza, anaunguza uku ndi uku. Kenako anapichira n'kusuta. Ndinaluma malaya kuti ndisaseke. Munthu wa sekondale kusuta ndiwo.

Mwayi wanga, kapena tsoka lawo, munthu wowagulitsa chamba wa pachigayo anali kumaliro ku Balaka sabata yonse. Pofika Lachitatu thirakitala inali itazima. Thukuta linkatsika pamphumi kunja kukuzizira koopsa. Galu wathu Tilekeni anangodutsa pafupi, analandira chidendene popanda mlandu. Phala anakankhira uko, akuti likununkha. Koma kuchigwembe ankapitabe, kasanu patsiku, n'kumabwerako akutsokomola fungo la ndiwo zopserera. Tsiku limenelo ine ndinabandira mizere isanu, iwo itatu. Koyamba chibadwire ndinawapambana. Ndinaimika khasu, ndinatulutsa chifuwa, ndinatembenuka kuti amayi aone. Amayi anali atagwira achimwene pamphumi, akuwafunsa ngati mutu ukuwawa. Madzulo anawaphikira dzira. Wopambana ndine, dzira kwa wolephera.

Lachinayi ndikuweruka kusukulu ndinamva kuseka ndili pamsewu. Amayi ndi aNaphiri, amayi ake a Yobu wathu yemweyu wa m'gulupu muno, anali atakhala tsiku lonse akusankha mbewu ya kachewere, ndipo masana anatendera mfutso. Pa zikwatu zonse zija, zopitirira khumi, anatsitsa changa chomwe chija.

Ndinawapeza pamkeka, miyendo atatambasula, akuseka nkhuku. Nkhukuyo sinkachita kanthu, inangoima. Amayi anga, munthu amene ngakhale paukwati amaseka ndi mano awiri okha, misozi inali mbwee. Mphika wa ndiwo anali ataukomba mpaka kuwala, ataphikanso kachiwiri, ndipo apa n'kuti akukazinga chimanga. ANaphiri anayamba kolasi imodzi ya kutchalitchi kanaini konse osafika ndime yachiwiri. Yobu, usakane, unalipo, unagwira mpanda ndi kuseka.

Nanenso ndinaseka, mpaka pamene amayi anangosiya mwadzidzidzi n'kugwira pachifuwa. Anati mtima ukuthamanga ngati ufuna kutuluka, khoma la nyumba likusendera, ndipo akufa. Nkhope inatuwa. Ndinathamangira kumtsuko, ndinabwera ndi kapu ya madzi, ndinaima patsogolo pawo penipeni. Anandiyang'ana m'maso n'kuitana kuti, "Lameki, mwana wanga, uli kuti?"

Mwamva? Ngakhale ubongo utasokonekera, dzina lotsalamo linali limenelo.

Aneba anaitanitsa a zaumoyo, bambo wina wamfupi wa njinga yopanda mabuleki. Anawagwira azimayi aja pamkono, anasuzumira mumphika, anatolamo tinjere tiwiri ndi supuni, n'kufunsa mofatsa kuti pakhomo pano ndani amakhala ndi maso ofiira. Anthu onse anatembenukira kwa a Lameki. Ine ndinadikira kuti achimwene anene zoona, zoti iwo chawo amasunga pansi pa mwala osati m'ndiwo. Anandiyang'ana kamodzi kokha, anagwetsa nkhope, n'kuti, "Ndi changa, amayi." Basi.

A zaumoyo anati azimayiwo agone pamthunzi, amwe madzi, pofika madzulo chikhala chitawatsika. Kenako anatengera achimwene pansi pa mtengo wa mapichesi, ine n'kumamvetsera kuseri kwa nkhokwe. Anawauza kuti ubongo wa munthu uli ndi kaphikidwe kakekake ka chisangalalo, tulo ndi njala, koma chamba chikamabwera tsiku ndi tsiku ubongowo umachita ngati munthu wozolowera kudya kwa aneba, amene amasiya kusonkha moto kwake. Tsiku limene aneba atseka chitseko, kwako kulibe ngakhale khala. Chimenecho ndiye chibaba, thukuta lija, ukali uja. Za mphamvu anati n'zabodza, chimangotseka khutu lomvera kutopa, thupi limadzalira pambuyo. Anatinso mutu wa mnyamata uli ngati mbiya yosaotcha, chala chilichonse chimene chadinapo chimasiya dzenje. Ine kuseri kwa nkhokwe ndinadzigwira mutu kuona ngati unauma.

Ndinkayesa nkhani ithera pamenepo, achimwene asiya, amayi azindikira kuti mwana wabwino ndi uti, nthutumba isamuka. Ayi ndithu. Anasiya mwezi umodzi, anabwerera. Analumbira atagwada, anasiya masabata awiri, anabwerera. Sukulu inathera Fomu 2, chifukwa akamafika kumapeto kwa mzere m'buku amakhala ataiwala mmene unayambira. Kenako anayamba kunena kuti anthu a pachigayo akuwanena, kuti wailesi ikuwatchula dzina. Tsiku lina anadzitsekera m'gowelo osafuna kuona munthu, ndipo amayi anakhala pakhomopo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, akuyankhula ndi chitseko.

Anawatengera kuchipatala cha pa Boma pa galimoto, kuchoka apo ku Zomba miyezi iwiri. Galimoto anayamba kukwera ndi iwo, phiri la Zomba anayamba kuona ndi iwo. Amayi ankapita ndi mabanzi m'chitenje n'kumabwerako ataonda. Chaka chimenecho dimba lonse ndinabandira ndekha, mbuzi ndekha, Tilekeni ndekha, mphasa yawo ili chipindire pakona. Azimayi a ndowa ankadutsa n'kumafunsa kuti wodwala ali bwanji. Palibe ananditchulapo thirakitala, ngakhale wilibala.

Pano achimwene ali bwino, ngakhale amayankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuchita kuwatunga pachitsime chakuya. Amakonza njinga za akabaza pamsewu. Akamva fungo lija amaoloka msewu osayang'ana m'mbuyo, akuti chibaba sichifa, chimangogona. Kutchalitchi amawaimiritsa kutsogolo, anthu n'kumaomba m'manja mpaka malata kugwedera. Ine amandiimiritsa pofuna kusuntha benchi.

Zinthu zinasinthanso. Nthawi ija munthu ankachita kukabisala kuchigwembe n'kutembenuza mwala. Lero ana a Sitandade 7 akudziwa mayina a mapilisi ndi timabotolo ta mankhwala a chifuwa kuposa mayina a mitsinje ya Malawi, ena mwa inu mukudziwa amene ndikunena. Zikwatu nazo kwathu zinatha. Amayi amasunga mfutso m'chidebe cha chivundikiro, ndipo asanaphike amauthira palichero n'kumaufufuza tsamba ndi tsamba ngati apolisi a pa rodibuloko.

Ndiye weruzani. Amene anachititsa kuti chinsinsi chituluke ndani? Ine. Inde ndi nsanje, inde ndinatsala pang'ono kuika maliro awiri tsiku limodzi, inde ndinasiya achimwene asenze mlandu wa chikwatu zaka sikisi. Koma popanda khwanya wanga uja bwenzi amayi akuyamikirabe thirakitala mpaka injini kuphulika. Zaka zitatu zawozo mbewu yake ndinadzala ndine. Kunyumba sindibwerera mpaka mbale atsuke. Zipalapasirozo apatse Tilekeni, aone mmene zimakomera.

Yobu wayankha:

"Aise, ine ndili pakhonde panu pompano, ndipo ndawawerengera onse mokweza kuyambira pa tambala mpaka pa Tilekeni. A Lameki akuti anadziwa Lachiwiri lomwelo, poti m'kaphukusimo munali kakhoko ka nyemba, komanso kumabulugama chipumi chako chinkaonekera. Akuti anasuta khwanyayo akudziwa kuti ndi khwanya, ndipo ndi tsiku limene anayamba kuchita mantha ndi chibaba chawo. Nthutumba a Lameki anaichotsa okha mumphika uthenga wako usanafike n'komwe, ili m'bakuli yovundikira, akuti ndi ya wa Fomu 4. Kungoti amayi ako ndi amayi anga akhala pambali pa bakuliyo, aliyense ndi mthiko wake. Bwera msanga, izizira."