Makina ako okwezera nangula, Armando

Armando mwana wanga, akulemba mawuwa ndi mlongo wako, ine ndikungoyankhula. Lero m'mawa ndikutunga madzi, chopukusira chija unatiikira pachitsime chalira, ndipo ndakumbuka kuti zaka ziwiri zakwana kuchokera pamene unatisiya. Tsiku lina unandionetsa pa telefoni ngalawa ya matanga ya ku Pemba, imene unaikamo ndi manja ako ginshu, chinthu chofanana ndi chopukusira chathuchi. Ndinafunsa kuti, "Kodi panyanja mumakumbanso chitsime?" Unaseka mpaka kukhala pansi. Unati, "Ayi bambo, amenewa ndi makina okwezera nangula, chitsulo choimitsa ngalawa. Kale anthu ankathyoka msana pokoka unyolo, tsopano amangoponda ndi phazi, chitsulo n'kutuluka." Sindinamvetse bwino, koma ndinauza aliyense ku Chidzolomondo kuno kuti mwana wanga amavuula zinthu pansi pa nyanja.

Anzako anati unagwera m'madzi tsiku la mphepo, ndipo thupi silinaoneke. Anthu akandifunsa manda ako ndimasowa poloza. Tandiuza, Armando. Makina ako aja amakweza chitsulo cholemera chotero, nanga iwe wochepa thupi ngati amayi ako, analephera bwanji kukukweza?