Kapinga wa Mapazi Khumi ndi Awiri

Taganizirani m'mawa wamba m'chaka cha chilala. Dzuwa silinatuluke koma kunja kwafunda kale. Mitengo ya m'mbali mwa msewu yayoyoka masamba, ndipo pa geti lililonse pamatidwa chipepala cha khonsolo chomwe chasuluka ndi dzuwa. Pa nyumba yachitatu kuchokera pakona, bambo wina wamfupi, wa imvi za m'mbali, wagwada pabwalo atagwira kapu. Akutunga madzi otuwa m'beseni n'kumathira pansi pang'onopang'ono ngati akumwetsa wodwala. Akathira kawiri, akucheukira kugeti.

Bamboyo ndi wometa. Anthu amangowatchula kuti a Lumo. Akhala zaka makumi atatu m'kachipinda kometera kuseri kwa siteji ya basi, komwe kuli mpando umodzi wozungulira, benchi ya odikira ndi galasi long'aluka pakona. Nyumba ija ndi yawoyawo, ndipo chimene ankanyadira kwambiri chinali kapinga wa pabwalo. Ankamusamala ngati mutu wa kasitomala. Lolemba lililonse ankamutchetcha ndi makina, kenaka n'kugwada kulinganiza m'mphepete ndi sizasi.

Koma chaka chimenecho kapingayo sanalinso wa ulemerero chabe. Mwana wawo wotsiriza, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi yemwe onse ankamuitana kuti Mzime, anagundidwa ndi njinga yamoto pochokera kusukulu. Anakhala m'chikhakha miyezi itatu. Atachichotsa, mwendo unali utaonda ngati bango. Anamwino ananena mosabisa: "Aziyenda tsiku lililonse. Mukamulekerera, mwendowu uuma."

Tsiku loyamba anayesera pabalaza. Anaterereka pa simenti, n'kung'ambika mlomo. Kuyambira pamenepo ankati akamuimiritsa, ankangokakamira mpando n'kutsinzina. Malo okha amene anavomera anali pa kapinga.

"Pano ndikagwa sipapweteka, ababa," anatero.

Ndiye chipepala chija chinabwera. Palibe kuthirira kapinga ndi payipi, palibe kutunga pampopi n'kukathira pabwalo. Ololedwa ndi madzi okhawo amene agwira kale ntchito m'nyumba. Wopezeka koyamba alandira chenjezo, wopezeka kachiwiri amudulira madzi.

Chenjezo loyambalo a Lumo analilandira sabata yomweyo. Anatsegula payipi m'mamawa, akuti mphindi zisanu zokha, ndipo galimoto ya khonsolo inatulukira pakona madzi akadali kuthamanga. Anasaina pepala ndi dzanja lomwelo limene silinachekepo khutu la munthu.

Atakhala pansi anaganiza ngati wometa. Mutu wa mpala, anatero mumtima, umasamba ndi madzi ochepa kusiyana ndi mutu wa tsitsi lambiri. Nayenso kapinga ndi chimodzimodzi. Anatsitsa mpeni wa makina mpaka pansi penipeni, n'kuyamba kupala bwalo lonse.

"Abambo, kodi mwamufunsa aliyense zimenezi?" anafunsa akazi awo ali pakhonde.

"Amayi, inu mumadziwa kumeta kuposa ine?"

Anapala mpaka dothi linayamba kuonekera. Kutatsala kachigawo kamodzi m'mbali mwa mpanda, kuchokera pakhonde kukafika pamtengo wa mandimu, mafuta anatha m'makina. Anati adzamaliza Lolemba linalo.

Lisanafike Lolembalo, bwalo lonse lopalidwalo linali litapsa. Linasanduka lofiira, kenaka lotuwa, ndipo zitsa za udzu zinkabaya ngati misomali. Mzime anaponda kamodzi, n'kubweza phazi, n'kukwawira kukhonde. Masiku anayi sanaimirire. A Lumo ankati akafika kuntchito n'kuona mutu wa munthu pagalasi, ankaona bwalo lawo. Chakudya sichinkatsika.

Amene anawatsegula maso anali kasitomala wawo wakale, mkulu wina wosamalira bwalo la mpira. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka nsalu yometera inagwa.

"Achimwene, munthu wa mpala akayenda padzuwa amavala chiyani?"

"Chipewa."

"Nanga kapinga wanuyo mwamugulira chipewa? Udzu wautali ndiye mthunzi wa mizu yake. Inu mwavula mizu, dzuwa lamaliza ntchito. Palibe pamene patsala?"

"Kachigawo kamodzi. Mafuta anandithera."

"Mukawathokoze mafutawo, ali ndi nzeru kuposa mwini wake. Bwalo lonselo liiwaleni. Sungani kachigawoko, ndipo sizasi yanuyo muisiye kunokuno."

Madzulo ake a Lumo anakayeza kachigawo kaja ndi mapazi. Anakwana khumi ndi awiri m'litali, awiri m'lifupi. Kanali kofota koma kamoyo.

Kuyambira tsiku limenelo, m'nyumbamo simunatayikenso dontho. Aliyense ankasamba ataima m'beseni. Madzi oyamba ochapira, a sopo wambiri, ankapita kuchimbudzi, ndipo otsukuluzira ankapita m'ndowa ya kapinga. Kuntchito a Lumo anaika chigubu pansi pa sinki yotsukira mitu, n'kumachinyamula pa njinga poweruka. Payipi ija anaichotsa pampopi. Anazika mitengo inayi m'mbali mwa kachigawoko n'kumangirira payipiyo pamenepo molimba, kuti Mzime azigwira poyenda.

Chovuta chinali kuugwira mtima. Udzu unkakula mosalingana, kwina kutalika, kwina kupendama, ndipo zala zawo zinkayabwa. Tsiku lina akazi awo anawapeza atagwada, sizasi ya kukhitchini ili m'manja.

"Abambo, bweretsani kuno. Mukafuna chometa, nayu mutu wanga."

Patapita sabata ziwiri, Mzime anabwerera pa kapinga. Anayenda mapazi atatu atagwira payipi, n'kugwa, n'kuseka. Mawa lake anayenda anayi.

Koma kubiriwira sikubisika. Msewu wonse unali wotuwa, ndipo kachigawo kaja kankaonekera pampata wa geti ngati nsalu yoyanika. Anthu odutsa ankachepetsa liwiro. Aneba a kumtunda, amene maluwa awo onse anali atauma, anasuzumira pampanda m'mawa wina.

"A Lumo, mwadzuka? Ee, kwanu kokha mvula ikugwa eti?"

"Ndi madzi osambira, aneba."

"Ndiye mukusamba kwambiri chaka chino."

Mawu amenewo anawakhala pamtima ngati mwala. Ankawerengera okha: akadula madzi, sipadzakhala osambira, sipadzakhala otsukuluzira. Chigubu chimodzi cha kuntchito sichingakwane. Kapinga adzauma m'sabata imodzi, ndipo Mzime, yemwe anali atafika pa mapazi asanu ndi atatu, adzabwerera kukhonde. Galimoto iliyonse ikaima pamsewu, ankapita kukasuzumira pageti.

Tsiku limene ankaliopalo linafika Lachinayi, iwo ali chigwadire ndi kapu yawo. Pageti panagogoda mayi wina wamtali, wovala yunifolomu ya khonsolo, atapanira faelo kukhwapa.

"Bambo, talandira dandaulo. Ndipo ndikuona kuti chenjezo loyamba munalandira kale."

"Zoona, mayi. Ndinalakwa tsiku lija. Koma kuyambira pamenepo..."

"Aliyense amatero. Payipi yanu ili kuti?"

A Lumo anangoloza. Mayiyo anayenda mpaka pamitengo ija, n'kuyang'ana payipi yomangirirayo modabwa. Anagwira kumapeto kwake n'kusuzumira. Pakamwa pa payipiyo kangaude anali ataluka ukonde wake, fumbi litakakamira pamenepo.

"Iyi ndiye sinalawe madzi kalekale," anatero. "Koma ndowa nayonso imatha kutunga pampopi."

Anaika faelo pansi, nagwada, n'kupisa chala m'dothi lonyowa. Ananunkhiza. Anakwinya mphuno, n'kununkhizanso.

"Kapinga wanu akununkhira ngati bambo anga akamachokera kometetsa."

"Ndine wometa, mayi. Ndi madzi otsukira mitu, ndi osambira a m'nyumba muno. Chigubu ndi icho pa njingapo."

Mayiyo anapita kukatsegula chigubucho, anaona tsitsi loyandama pamwamba, n'kutseka. Kenaka anatsegula faelo n'kutulutsa cholembera.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Mzime, amene sankadziwa kuti kunja kuli mlandu, anatsika pakhonde chokhala monga mwa masiku onse, nagwira payipi, n'kudzikoka kuimirira.

"Pepani azakhali, mwaima panjira yanga."

Mayiyo anapatuka. Mwanayo anayamba kuyenda, akuwerenga mokweza, mwendo woondawo ukunjenjemera. Pa phazi lachisanu ndi chinayi anagwa chafufumimba m'udzu wautali uja. A Lumo anafuna kuthamanga koma akazi awo anawagwira malaya. Mzime anadzuka yekha, anachotsa udzu pamlomo, n'kupitiriza mpaka anakhudza mtengo wa mandimu.

"Khumi ndi awiri! Ababa, mwaona?"

Mayi wa khonsolo analemba mizere iwiri m'faelo mwake. Kenaka anang'amba kapepala n'kuwapatsa.

"Mukamate pageti, pansi pa chipepala chathu chija. Ndalemba kuti ndayendera ndipo ndi madzi ogwira kale ntchito. Aneba anuwo aziwerenga okha, asamatiyendetse pachabe." Atafika pageti anacheuka. "Koma bambo, wometa zoona kusiya udzu nyankhalala chonchi?"

"Mayi, musandiyambe. Zala zikundiyabwa."

Galimoto itapita, a Lumo anakhala pansi pomwepo. Anapeza kuti kapu ija anali adakaigwirabe, madzi ali momwemo. Anawathira pamene mwana anagwera.

Chilalacho chinatenganso miyezi inayi. M'nthawi yonseyo a Lumo sanatsegule mpopi ngakhale kamodzi chifukwa cha kapinga, ndipo kachigawo ka mapazi khumi ndi awiri kaja sikanaume. Sukulu zitatsegulira, Mzime anayenda yekha kuchokera pageti la sukulu mpaka m'kalasi, osagwira kanthu.