Tsiku limene ndinathokoza mopitirira

Anthu amati kuthokoza sikupweteka. Onena zimenezi sanalereko mwana wamwamuna pa esiteti ya tiyi.

Ife tinali anthu othokoza kwambiri, musatione chonchi. Makolo athu anawoloka malire kuthawa Apwitikizi atasenza mphasa ndi mbewu ya kalongonda, mzungu wa ku Thyolo n'kuwapatsa pomanga nyumba ndi kamunda. Kamundako, ukagona chagada pakati pake, miyendo inkatulukira kwa eni ake. Chifundo chonsechi tinkabweza ndi thangata: mwamuna aliyense wa m'mudzimo ankalima tiyi wa mzungu dzinja lonse, nthawi imene munda wake unkamufuna. Wokana, nyumba yake inkagwetsedwa. Ndiye ife tinkati zikomo. Zikomo bwana, zikomo akapitawo, zikomo ndi galu wa bwana yemwe akakusiya nsalu yako ili yathunthu.

Ndinabala ana asanu, Mulungu n'kundisiyira anayi: chisamba changa mwamuna, atsikana awiri, ndi kamzime kamene kanali kumbuyo. Ana amenewa ankakula ngati alipo amene akuwalipira. Nsalu ukawagulira pokolola, pofika nthawi yobzala yathawira m'mawondo. Belu likalira ndinkapita kukathyola tiyi, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka zala kuiwala kuti zili ndi mwini. Pobwera ndisinje makaka a chinangwa, nditunge madzi, ndiphike kalongonda, ndiwo imene imafuna kuitaya madzi kangapo kuti isakuzunguzeni mutu. Iwo ankaimaliza ndisanakhale n'komwe pansi. Abambo awo anali munthu wothandiza, sindingawanamizire: akafika pakhomo ankandithandiza kufunsa ngati zapsa.

Koma ndinkawakonda anawo, iii, mpaka mtima kuwawa. Akagona pamphasa miyendo itapingasana ndinkawawerenga, ngati kuti wina angasowe pakati pa anayi.

Chisambayo ankaphunzira pa kasukulu ka udzu ka mishoni, mbali ya ku Kapichi. Tsiku lina aphunzitsi ake anandiimitsa panjira.

“Mayi, mwana wanu uja ali ndi mutu,” anatero. “Mundisungire chaka chimodzi chokha asalembedwe thangata. Akakhoza mayeso apita kusukulu yaikulu ya kumishoni, ndipo kumeneko akapitawo sakamufikira.”

Chaka chimodzi. Aphunzitsi anachinena mopepuka ngati akupempha mchere.

Masiku amenewo panalibe wodziwa chaka chimene anabadwa. Kalata yathu yobadwira inali kukhwapa. Mvula ikayandikira, akapitawo ankayenda m'midzi ndi buku lawo, n'kundandika anyamata, n'kukuwa kuti, “Manja m'mwamba!” Wopezeka ndi tsitsi kukhwapa, kaya wa mawu aakulu, ameneyo ndi bambo, alembedwe. Ndipo mwana wanga, poona kuti amake ndili pamavuto, anasankha chaka chomwecho kuti atalike, amere zomera, mawu ake atsikire m'mimba.

Ndiye tinayamba ntchito yochepetsa mwana. Amayi ena ankapempherera ana awo kuti akule, ine ndili kalikiliki kubweza wanga. Loweruka lililonse abambo ake ankapita naye kuseri kwa nkhokwe ndi lumo. Ine ndinamusokera malaya a chiguduli aakulu zedi kuti azioneka wosochera m'kati mwake. Ndinamuphunzitsa kuyenda chowerama, ndi kuima m'ngalande akaona akapitawo. Kuyankhula pagulu ndinamuletsa. Moni ankamuyankhira azichemwali ake, iwo n'kumakondwa kuti apeza udindo. Kutchalitchi, mwana wodziwa nyimbo zonse pamtima ankangogwedeza milomo.

Zinatheka ndithu. Pa tsiku la manja m'mwamba akapitawo anamuyang'ana, n'kutembenukira kwa ine.

“Kamwana aka sikakula bwanji? Mumakadyetsa koma?”

“Zikomo, akapitawo,” ndinatero, maso pansi.

Ndinameza mawu amenewo, koma sanatsike. Ine wosadyetsa mwana? Ine amene ndinkanyambita chipande kuti iye akhute?

Amayi a mumpingo tinkakumana Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Wotsogolera mapemphero anali akazi a akapitawo, nanga akanakhala ndaninso, poti ndi okhawo anali ndi duku losang'ambika. Tsiku limenelo anati aliyense athokoze Mulungu mokweza, atchule chimene wamuchitira. Anayamba okha. Anathokoza chifukwa cha denga lawo, mbuzi zawo, ndi mwana wawo wojintcha amene bwana anamusankha kuti azimupukutira nsapato. Kenaka mawu anawafewetsa.

“Ndipo Ambuye, kumbukiraninso anzathu ena amene ana awo anapinimbira ngati chimanga cha pamthunzi. Kaya ndi kalongonda wachulukayu, mukudziwa ndinu.”

Amayi anati Ameni. Ena Ameni wawo anatulukira m'mphuno.

Wotsatira ndinali ine. Ndikanatha kuthokoza chifukwa cha mvula, kaya nkhuku yanga imene inaswa anapiye asanu ndi awiri. Koma ayi. Magazi anali atakwera kale kumutu, ndipo ndinapemphera pemphero lokoma kuposa onse amene ndinapempherapo.

“Ambuye, zikomo chifukwa cha chisamba changa. Inu mukudziwa kuti si wopinimbira, poti mwamukuza ndinu. Akaima chilili amagunda mutu pamtanda wa denga. Thumba la makaka amasenza yekha. Akatsokomola nkhuku zimabalalika. Ndipo lumo la abambo ake labuntha chifukwa cha iye. Zikomo, Ambuye, zikomo!”

Ndinkanena zoona, ndipo misozi inali yeniyeni. Kanali koyamba m'chaka chonse kunyadira mwana wanga pakamwa. Ameni wamkulu kuposa onse anachokera kwa akazi a akapitawo.

Pobwerera, mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo anayenda nane mpaka pamtsinje. Pamenepo ndi pamene anati, “Anzanga, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mwausiya pansi pa mango paja.” Ndinathamangira kunyumba. Nditawauza abambo ake, sanandikalipire. Anangotenga lumo lija n'kulisomeka kudenga, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Lolemba m'mawa, belu lisanalire, tinamva odi. Anali akapitawo, buku m'khwapa, pensulo kukhutu. Ndiyenera kunena kuti analinso mkulu wa mpingo, chifukwa anthu ena Mulungu amawapatsa zonse.

“Tamva uthenga wabwino,” anatero. “Tabwera kudzathokoza nanu limodzi. Ali kuti bambo wathuyo?”

Mwana anatuluka chowerama m'malaya ake a chiguduli. Manja m'mwamba. Kukhwapa kunali mbee, poti Loweruka m'mawa lumo linali litagwira ntchito yake yomaliza.

“Aaa, apa mpoyera ngati pachikhatho,” anatero akapitawo. “Ndiye mwandisokoneza, mayi. Kaya likunama ndi khwapali, kaya munanamiza Mulungu Loweruka lija ndinu. Ndiuzeni chimodzi. Ngati mwanayu wakula, ndimulembe. Ngati munanama m'pemphero, buku nditseka, nkhaniyo ndikaitule kwa akulu anzanga.”

Anthu anali atadzaza kale pabwalo, ena atagwira mitsuko yopanda madzi. Ndinkadziwa za wonama m'pemphero: amamuimika kutsogolo Lamulungu, mlandu wake n'kuwerengedwa, n'kumudula ku mgonero. Ndinaganiza msanga. Andidule. Andiimike mpaka miyendo itupe, amayi a Ameni wa m'mphuno akhute kuseka. Manyazi sapha munthu, koma thangata ukalowamo sutulukamo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndinanama.

Sindinafike. Mwana uja anawongoka. Anawongoka pang'onopang'ono, msana, khosi, mpaka ine amake kuyamba kumuyang'ana chokweza maso. Anali wamtali kuposa mmene ndinauzira Mulungu.

“Amayi anga sanama,” anatero.

Nkhuku zinabalalikadi. Akapitawo ananyambita pensulo, n'kulemba, n'kutseka buku. “Zikomo,” anatero, poti anali munthu waulemu.

Atachoka ndinamugwira malaya mwanayo. Ndikapsa mtima chinenero chimabwerera kwathu. “Mwanaka, wakutuma ndani? Chaka chonse uli duu, lero ndiye wapeza pakamwa? Unalephera kudikira mpaka nditamaliza bodza langa?”

“Ndiye inu muziimirira kutsogolo kwa mpingo akukutchulani abodza, ine nditakhala pabenchi ndi sileti?” anandifunsa. “Ndikanawerenga chiyani pamenepo, amayi?”

Ndinamuuza kuti ndi chitsiru ngati amake, kenaka ndinalowa m'nyumba kukalira.

Aphunzitsi anabwera madzulo ake, anakhala pampando, anapukusa mutu, anadya chinangwa chathu, n'kubwerera. Kusukulu mwana wanga sanapondekonso. Sileti yake anatenga mchemwali wake, ndipo ndi mtsikana ameneyo anandiphunzitsa zilembo zimene ndikulembera izi, nditayamba kale imvi. Kumapemphero a Loweruka sindinasiye kupita. Nthawi yothokoza ikafika ndinkathokoza chifukwa cha nandolo. Nandolo salembedwa m'buku.

Mvula itagwa, m'mawa wina ndinali m'munda wa tiyi, dengu kumbuyo, m'kanjira kopapatiza ka pakati pa mizere. Gulu la amuna linkadutsa ndi makasu kupita kukapalira kumtunda. Kumbuyo kwanga ndinamva mawu aakulu, omasuka, osabisala.

“Zikomo, amayi.”

Kwathu zikomo ndi yemweyo, wothokozera ndi wopemphera njira. Iye ankangopempha njira. Ndinacheuka, ndipo anali ataima pamenepo, khasu paphewa, matope mpaka m'mawondo, malaya a chiguduli aja akumukwana bwinobwino. Ndinamva chisoni ndi kunyada nthawi imodzi, ndipo mpaka lero sindinathe kuzilekanitsa. Ndinapatukira m'tiyi wonyowa, ndipo pakamwa panga pomwe paja, osandifunsa, panayankha.

“Zikomo, bambo. Dutsani.”

Anadutsa osawerama.