Madiresi a Matumba a Ufa

Ndikukumbukira ku Msongwe, chaka chimene ife atsikana a ntchemberembaye tinavala yunifolomu koyamba. Ee, tinavala ife! Nsalu panalibe, ndiye amayi anga, telala wapakhonde, anatisokera madiresi a matumba a ufa, makina akulira tcheketcheke tsiku lonse.

Nkhondo inabuka pa mtundu. Bambo ankafuna wobiriwira. Amalume, sapota wamkulu woyenda ndi lipenga, ankafuna wofiira.

"Alamu, wofiira umaopseza adani!" anatero amalume.

"Inu alamu, mwana wanga si tomato wapamsika!" anayankha bambo.

Anakangana mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Amayi anangoti, "Yewo nonse," n'kunyika kutsogolo mu utoto wobiriwira, kumbuyo mu wofiira. Azimayi kumjigo anayamba kuseka, ati telala wake ndi wotani ameneyu. Tikagonja kwa timu ya ku Katoto, manyazi onse agwera amayi, ndipo ndani adzabwerenso kudzasoketsa kwathu?

Tsiku la mpikisano kunawaza kamvula kathu ka Mzuzu kaja, kosaleka, kozizira mpaka m'mafupa. Amayi ine, utoto unasuluka! Wofiira kutsetsereka m'miyendo, wobiriwira kulowa m'khwapa, bwalo lonse fungo la ufa wonyowa. Atsikana a Katoto anavala madiresi akusitolo, oyera mbee, ndipo ankaopa kutiyandikira kuti tingawadetse. Atitchinga bwanji anthu akuthawa? Ine ndinali woponya. Ndiponye, walowa! Ndiponyenso, walowanso! Tinapambana, anzanga, tinapambana chomene!

Amalume anavina m'matope, ati wofiira wagwira ntchito. Bambo ati ayi, ndi wobiriwira. Amayi anandikwecha ndi mwala kubafa akuseka mpaka misozi, koma utoto unakana kuchoka. Sabata yomweyo aphunzitsi a ku Katoto anafika pakhonde ndi nsalu yawo. "Mutisokere ngati aja, mama. Koma utoto ayi."

Lero adzukulu anga amagula majezi pakaunjika mumsika wa Mzuzu, osalala, osasuluka ngakhale uchape bwanji. Amakangana pafoni za mizere ya pajezi ndi mitu ya nkhani za mpira, ati uyu walemba bwino, uyu walakwitsa. Mpira ukatha amavula, amapinda, basi zatha. Ife timu yathu tinalowa nayo m'tchalitchi Lamulungu, ili m'miyendo.