Waya wa pansi pa mpando

Galimoto yathu inali pikapu yoyera, yokalamba ndithu, imene bambo akunyumba anagula atapuma ntchito ya zankhalango ku Mughese. Tinkakhala ku Lufita. Woyendetsa anali mlamu wanga, mng'ono wawo wa bambo, munthu wofatsa amene ankanyamula khofi ndi nthochi ku Misuku kubwera nazo pa Boma. Ana anga anaphunzira ndi galimoto imeneyo, ndipo mpaka lero ndimathokoza Mulungu chifukwa cha iyo.

Lamulo loti isamayende tsiku la Ambuye ndinaika ndine. Bambo anang'ung'udza koma anavomera. Choncho inkaima pansi pa mtengo wa mango kuyambira Loweruka mpaka Lolemba.

Nthawi imeneyo magetsi anali asanafike mbali yathu, ndipo amayi anzanga a kumpingo ankavutika kutchaja mafoni. Tsiku lina bambo atapita kumaliro, ndinaitana munthu wokonza mawailesi. Anakoka kawaya kofiira kuchokera ku batire mpaka pansi pa mpando, n'kumangirirapo kabokosi kolumikizira mafoni. Chitseko cha kumanzere sichinkakiyika, ndiye makiyi sankafunika. Lamulungu m'mawa amayi ankandisiyira mafoni, ine n'kulumikiza, tikatuluka m'tchalitchi ena n'kubweretsanso awo. Sindinkalipiritsa, ndinkati ndi utumiki. Bambo sindinawauze, poti iwo ankakonda kunena kuti galimoto si kabati yosungiramo zinthu.

Lolemba lotsatira mlamu anapotokola kiyi, galimoto inangoti kete kete, n'kukhala chete. Tinakankha, inalira. Sabata yonse inayenda bwinobwino. Lolemba linalo, chimodzimodzi. Anthu oyandikana nafe anafika pozolowera.

"Mwawuka uli, amama? Lero tikankhanso?" ankandilonjera choncho bambo wina wa kuseri kwathu, akupinda malaya. "Galimoto yanuyi yapemphera mopitirira. Ikapuma pa Sabata ikufuna kupumanso Lolemba."

Tinkaseka, koma bambo akunyumba sankaseka. Anagula batire latsopano lochokera kumalire a Tanzania. Linapirira masabata awiri okha. Kenako kunamveka mphekesera yoti mlamu amabwereketsa batire Lamulungu kwa anthu oonetsa mpira pa kanema. Sindikudziwa anayambitsa ndani.

Bambo anaitana mlamu pakhonde, ine ndikupeta nyemba pomwepo.

"Iwe, batire limapita kuti Lamulungu?"

"Achimwene, Lamulungu ndimakhala kutchalitchi ngati inu nomwe."

"Ndiye moto umadzimwa wokha?"

Mlamu anatembenukira kwa ine. "Alamu, inu simuchoka pakhomo pano. Munandionapo nditanyamula batire?"

Kawaya kaja kanandibwerera m'mutu, sindinganame. Koma ndinadziuza kuti foni ndi kanthu kokwana m'manja, kangathe bwanji batire lokweza galimoto mapiri a ku Misuku? Ndinkaopanso mkwiyo wa bambo. Ndinayang'ana m'lichero n'kunena kuti, "Ine za galimoto sindizidziwa."

Mlamu anaika makiyi pa mpando wa bambo, ndipo m'mawa mwake anabwerera kumudzi ku Wenya ndi mkazi wake ndi ana.

Lamulungu lotsatira ndinabweza amayi ndi mafoni awo, ndinati kabokosi kawonongeka. Ndinkaganiza kuti ndathetsa nkhani mwakachetechete. Koma Lolemba galimoto inalira movutikira kwambiri, ndipo dalaivala watsopano anati tiitane fundi, ndiye kuti makaniko.

Fundiyo anali bambo wachikulire woyenda ndi chikwama chong'ambika. Anayamba wayeza chimene chimatchaja batire injini ikamalira, n'kupeza kuti chili bwino. Kenako anazimitsa galimoto, anachotsa kiyi, anamasula waya wakuda pa batire, n'kulumikiza kababu pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Kababu kanayaka.

"Mwaona, bwana?" anauza bambo. "Kiyi ali m'thumba mwanga koma moto ukuyenda. Muli kena kake kamene kakuyamwa."

Anayamba kuzula mafyuzi, imodzi imodzi, maso ali pa kababu. Anazula onse, kababu kali ngwee. Anakanda m'mutu, anawerama, n'kuona kawaya kofiira kopotedwa kuseri kwa mutu winawo. Anakalondola ndi chala mpaka pansi pa mpando.

"Wakuba wanu ndi uyu," anatero, atanyamula kabokosi. "Aka kamayamwa ngakhale popanda foni. Ndiye mukalumikiza mafoni a mudzi wonse galimoto ili chiimire, batire lingatani?" Anadula kawaya, kababu kanazima.

Bambo anati, "Ndiye mng'ono wanga ankachita bizinesi ya mafoni."

Apo ndiye pakamwa panga panatseguka, mochedwa. Ndinanena zonse, fundi ali pomwepo. Bambo sanandikalipire. Anakhala pansi, n'kumangoyang'ana makiyi aja, ndipo kukanakhala bwino akanandikalipira.

Ku Wenya ndinapita ndekha, ndi nkhuku ndi makiyi. Ndinakwera matola, kotsalako ndinayenda wapansi. Mlamu ndinamupeza kumunda. Ndinagwada pa mzere pomwepo n'kufotokoza.

"Yewo, alamu, dzukani," anatero. "Za wayazo si mlandu, aliyense akanalakwitsa. Koma ine ndinakufunsani."

Nkhuku analandira, ndipo mkazi wake anandiphikira bwino, anandiperekeza mpaka kumsewu. Makiyi anakana. Anati kumudzi aliyense anamva kuti anachotsedwa chifukwa cha kuba, ndipo si onse amene adzamve zinazi.

Batire silinathenso mpaka pamene tinagulitsa galimoto. Mlamu amabwera pa maliro ndi pa maukwati, amandipatsa moni mwaulemu, ana anga amawakonda ngati kale. Koma pakhomo pathu sagona. Ndikamapemphera ndimathokoza chifukwa cha mtima wake, kenako ndimapempha kuti tsiku lina munthu akadzandifunsanso chimene ndikuchidziwa, ndisadzayang'ane m'lichero.