Manja a Tamanda m'lichero la nandolo

Felesiya mkazi wanga, nandolo waumanso kuno ku Mbulumbuzi, ndiye kuti chaka chakwana chichokereni iwe. Dzulo amayi ako akupeta pakhonde, mwana wathu Tamanda anamiza manja onse m'lichero n'kutsinzina. Ndinakumbukira tsiku lija unamumanga mpango kumaso, n'kumuikira mbale za nandolo, gaga, mchenga ndi matope kuti azilota ndi zala. Akagwira ankakuwa kuti, "Izi zokanda! Izi zozizira!" Ine ndinati, "Mayi, boma likudziwa kuti mwatsegula yunivesite pakhonde pano?" Iwe unati, "Ophunzira akuchepa, abambo ake Tamanda, bwerani mulembetse." Munandimanga mpangowo, mwana n'kundipaka matope m'ndevu, nonse awiri kuseka mpaka misozi.

Tsono atsibweni ako anena kuti Loweruka andisudzula. Akuti mkamwini ndagwira ntchito yotamandika, ngati tambala wobwereka, ndibwerere kwathu ku Ndunde ndikapeze banja lina. Mwana ndi wa mbumba, atsala. Mwambowu ndinkaulemba pamayeso ku koleji n'kukhoza bwino, koma palibe anandiuza kuti umalowa m'nyumba n'kukulongedzera chikwama. Tamanda sanauzidwe, ndipo ine pakamwa pakulemera. Lero tinakanda dothi kuseri kwa khola, poti agogo ake amati matope ndi uve. Posamba m'manja anandifunsa kuti, "Adadi, mawa tiseweranso?" Ndinati eya. Mawa ndi Lachisanu, Felesiya, choncho sindinamunamize.