Aneba a Mchere Kumwendo

Aneba athu kuno ku Mtendere, mayi wogulitsa vitumbuwa, m'mawa uliwonse amakhala pakhomo atamangirira paketi ya mchere kumwendo. Amautukula mwendowo kakhumi, n'kupuma, n'kuyambiranso. Ukawapatsa moni amangoti, "Bondo silifuna ulesi."

Ndine amene ndinayambitsa kumpopi zoti amenewo ndi mankhwala okokera makasitomala, ndipo zinamveka komboni yonse.

Mwezi watha mawondo a amayi anga anatupa, kuchimbudzi n'kumapita chokwawa. Aneba aja anabwera ndi mchere wawo, n'kuwaphunzitsa amayiwo zolimbitsa bondo zimene iwo anaphunzira kuchipatala. Potuluka anandiyang'ana.

"Ba Towela, mankhwala ya makasitomala yaja nasiya apo. Muzibawelengela bamai banu kufika teni."

Mpaka lero ndimawerenga maso ali pansi.